Masamba Pansi pa Mawaipa

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba pano. Mwana woweta mbuzi ku Mpingu sasiyana ndi mnzake woweta mbuzi ku Chiwamba, ndipo amayi anu anakukambirani kale zimenezo, mchere n'kuwonjezera. Ine ndikufuna mudziwe ntchito ya manja angawa, amene lero akunjenjemera ndikagwira kapu, koma kale ankamasula nati yokana amuna anzanga. Makamaka ndikufuna mudziwe za madzi amene ankalowa mu ambulansi, chifukwa pa ntchito zonse zomwe ndinagwira, imeneyo ndiyo ndimainyadira kwambiri, ngakhale sindinaphwasule injini iliyonse.

Namitete, ntchito yoyamba

Ndinayambira pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Namitete, m'galaja ya mathirakitala ndi malole. Bwana wanga anali a Saizi, mkulu wamfupi wakhosi ngati la ng'ombe yapangolo, amene sankayankhula asanatsokomole. Ankawatcha choncho chifukwa ankangoyang'ana nati n'kutchula saizi ya sipanala osaphonya. Miyezi yoyamba sanandilole kugwira china koma tsache ndi ndowa. Ndikang'ung'udza ankati, "Iwe, makaniko woyamba ndi maso, wachiwiri ndi mphuno. Manja ndi aganyu chabe." Tsiku lina lole ya mabelo inayamba kudontha momwe amakhala dalaivala. Ine ndi changu changa ndinathamanga kukamata phula pomwe pankaoneka dontho. A Saizi anangondiyang'ana mpaka ndinamaliza. Mvula itagwa, dalaivala anabwera thalauza litanyowa ngati wagwera pachitsime, akutukwana mtundu wanga wonse. Ndi pamene a Saizi anandiphunzitsa kuti madzi amaonekera pomwe athera ulendo, osati pomwe alowera. Wofuna kupeza khomo lawo aziyamba kuthira m'munsi n'kumakwera pang'onopang'ono, chifukwa ukayambira padenga ponseponse panyowa, iwe osadziwa kanthu. Phunziro limeneli ndinaliika m'thumba, ndipo linakhala momwemo mpaka imvi.

Kuseri kwa Kabudula, zaka zosowa mafuta

Esiteti itagulitsidwa ndinayendayenda m'magalaja a pa Msundwe ndi pa Nsaru, mpaka abusa ena anandiuza kuti kachipatala ka mpingo wathu, kuseri kwa Kabudula, kakufuna munthu wosamala galimoto, jenereta ndi pampu ya madzi. Kumeneko ndiko ndinakalambira. Dalaivala wa pamenepo anali a Mwale, munthu wamtali, woimba besi m'kwaya, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ine ndinkawatcha a Mabuleki, chifukwa ankaponda mabuleki ngakhale nkhuku ili kutsidya kwa munda. Iwo ankanditcha a Girisi, ati ngakhale pa Mgonero ndinkanunkhira galaja. Ana awo ndi inu munakulira pabwalo limodzi, ndiye sindikuuzani zachilendo.

Galimoto yomwe tinali nayo inali chigalimoto chakale chazitsulo kutsogolo. Inkanyamula odwala kupita nawo ku chipatala chachikulu ku tauni, komanso inkaperekeza maliro m'midzi. Mukudziwa kuti kwathu kuno galimoto ya maliro siyenda yopanda masamba kutsogolo. Masambawo ndiwo amauza wapanjinga kuti atsike, wapangolo kuti apatuke, amuna kuti avule zipewa. Pachigalimoto chija zinali zosavuta: anamfedwa ankathyola nthambi n'kuzisomeka m'zitsulo zakutsogolo. Zaka zimenezo dizilo ankasowa koopsa. A Mwale ankapita kukaima pamzere ku tauni ndi zigubu n'kubwerako chimanjamanja, ine ndikudula machubu akale kuti ndipangire malabala. Tinkayendetsa galimoto ndi waya ndi pemphero.

Kenako kunabwera woyang'anira chipatala watsopano, mayi Kamanga, munthu wosakonda kubwereza mawu. Anthu ankati ndi ouma mtima, koma ine ndinaona chomwe chinawaumitsa. Atangofika kumene, galimoto inapita kukatula maliro cha ku Nambuma monga mwa masiku onse, ndipo m'mbuyo muno munafika mayi woyembekezera zinthu zitavuta. Anadikira galimoto mpaka dzuwa kupendeka. Mayiyo anapulumuka, koma mwana sanakhale moyo. Mayi Kamanga anatiitana tonse n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo galimoto ya chipatala ndi ya amoyo, maliro ayi, ndipo wophwanya lamuloli ntchito yatha. Palibe anatsutsa. A Mwale, amene anali pachiwongolero tsiku lija, anawerama osadzutsanso mutu mpaka msonkhano unatha.

Patapita nthawi abwenzi a mpingo akunja anatipatsa ambulansi yatsopano. Inali yoyera mbee, kutsogolo konse pulasitiki wosalala ngati dzira, popanda ngakhale posomeka chala. Inali ndi kabokosi ka kompyuta koyendetsa injini, kobisika chakumapazi kwa munthu wokhala kumanzere kwa dalaivala. Tinaimangira shedi ya malata pabwalo loyera, kutali ndi mitengo, kuti ngakhale mbalame isainyerere.

Dzinja la madzi

Dzinja lachiwiri la ambulansiyo, anamwino anayamba kudandaula kuti akakhala kutsogolo akutsika nsapato zitanyowa. Kapeti wa kumanzere anali chinyontho chokhachokha, m'galimoto mukununkha chiguduli chonyowa, ndipo timagetsi ta padashibodi tinayamba kuphethira tokha. Madzi akanafika m'kabokosi kaja, ambulansi ikanagona, ndipo kabokosi kotero sikapezeka pa Nsaru. Pomwepo mphekesera inabuka. Anthu ena anaona ambulansi itapatuka mumsewu waukulu kulowera kumidzi ya kutsidya kwa dambo. Anaphatikiza ziwirizi n'kupeza yankho: a Mwale akuchita matola, ndipo pofuna kufupikitsa njira akuwoloka mtsinje powolokera ng'ombe, madzi n'kumalowa m'galimoto. Nkhani inafika ku komiti ya chipatala.

Mayi Kamanga anandiitana. "A Mbewe, komiti ikhala Lachisanu. Ine ndikufuna chinthu chimodzi kwa inu. Madziwa ndi a kumtsinje kapena ayi? Akakhala a kumtsinje, a Mwale atsanzike. Ndawafunsa, akungoti mtsinje sanawoloke, koma komwe ankapita sakunena."

Ndinatulutsa ambulansi padzuwa. Ndinayamba monga a Saizi, ndi maso ndi mphuno. Ndinaviika chala m'madziwo, n'kununkhiza, n'kulawa. Madzi a mu radiyeta akadontha kudzera mu hita yotenthetsa m'galimoto amaterera m'zala, amatsekemera ndiponso amakhala ndi mtundu. Awa anali madzi wamba. Ndinatukula kapeti. Madzi a mtsinje wa dzinja sabwera okha, amasiya matope ndi mchenga, ndipo sasankha mbali. Apa pansi panali poyera, ndipo kumapazi kwa dalaivala kunali kouma gwa. Ndinadziwa kuti ndi madzi a mvula, mtima wanga n'kukhala pansi. Koma lilime langa silikanakwana kukhala mboni. Komiti ikanati makaniko akuikira kumbuyo mnzake. Ndinayenera kupeza khomo lenileni, loti munthu aliyense aliloze ndi chala.

Ndinaumitsa ponse, n'kuwaza ufa woyera pansi ndi m'mbali, kuti dontho likadutsa lisiye mzere. Ndinabwereka kheni yothirira nazale ya fodya kwa mlimi wina pafupi, n'kuipereka kwa a Mwale. "A Mabuleki, lero ndinu mvula. Muthire pomwe ndikuuzeni, musathamange." Ine ndinagona chagada pansi pa dashibodi, miyendo ili kunja, tochi kukamwa. Tinayambira m'munsi mwa chitseko. Ufa unali wouma. Tinakwera pa labala la chitseko, kenako pagalasi la chitseko. Ufa unali woumabe, msana wanga wokha ndiwo unkalira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ndinapirira. Kenako ndinati, "Tsopano thirani m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pamawaipa." Ndinamva madzi akutsika, ndipo posakhalitsa kamzere kakuda kanatuluka kuseri kwa dashibodi, m'bokosi la fani yopemerera mphepo, n'kutsetsereka mu ufa molunjika kabokosi ka kompyuta. Ndinakuwa ndi chimwemwe, "Ndawagwira! Thiraninso!" Koma madzi sanatsikenso. Nditasolola mutu ndinapeza a Mwale ataima, kheni ili lende m'manja, nkhope ngati ya munthu amene wamva uthenga wa maliro.

M'munsi mwa galasi lakutsogolo, pansi pa mawaipa, mumakhala kangalande kobisika ndi chivundikiro cha pulasitiki. Mvula yotsika pagalasi imagwera mmenemo n'kutulukira m'timabowo ta m'mbali, kuseri kwa matayala. Fani imakokanso mphepo kuchokera mmenemo. Timabowo tikatsekeka, ngalande imadzaza, madzi n'kusefukira m'kamwa mwa fani mpaka kumapazi. Ndinamasula mawaipa n'kuchotsa chivundikiro. Ngalande yonse inali yodzaza ndi masamba owola ngati manyowa a kudzala. Anali masamba a keshya, ndi timitengo todula ndi mpeni, ndi kachingwe ka luzi komanga mfundo.

Ndinanyamula luzi lija n'kuwaonetsa. "A Mabuleki, ambulansi iyi imagona m'shedi. Ndi mtengo wanji umagwetsa masamba omangamanga kale ndi luzi?"

Anakhala pa tayala lakale lomwe linali pamenepo. Anayankhula motsitsa mawu, maso ali pansi. "A Girisi, ndikatula wodwala ku tauni ndimabwerera galimoto ili yopanda kanthu. Ndikadutsa kunyumba yachisoni ndimapeza azimayi a kwathu konkuno atakhala pansi ndi mitolo yawo, masiku akupita, thupi lili mkati, chotengera palibe. Amandidziwa. Amandiitana ndi dzina langa. Inu mukanadutsa? Sindinalandireko ngakhale chinangwa. Ndipo maliro sangalowe m'mudzi ngati katundu. Anamfedwa amathyola masamba, koma galimoto iyi ilibe posomeka, ndiye amapanikiza ndi mawaipa. Ndikatula ndimachotsa, ndimapukuta. Sindinkadziwa kuti ena akugwera mkati."

Kenako anati, "Mungonena kuti munapeza zinyalala. Kodi limenelo ndi bodza?"

Silinali bodza, ndipo n'chifukwa chake linandivuta. Ndikanati zinyalala, a Mwale akanayera pa mlandu wa mtsinje, nkhani n'kutha. Ndikanena zonse, ndikanawachotsa m'kamwa mwa ng'ona n'kuwaponya m'kamwa mwa lamulo la maliro, lomwe chilango chake chinali chomwecho. Ndinakokolola masamba onse n'kuwaika m'jumbo. Ndinatokosa timabowo ndi waya, n'kuthira madzi mpaka anayamba kutuluka kuseri kwa matayala ngati pampopi. Ndinamasula mawaya a kabokosi kaja, n'kuwaumitsa, n'kubwezera. Ndinawazanso ufa, n'kuthira kheni yodzaza pagalasi, ufa osanyowa. Galimoto inachira tsiku lomwelo. Wodwala anatsala ndine.

Madzulo ndinawafotokozera amayi anu akusenda mawungu pakhonde. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Abambo, a Mwale achita zaumunthu, maliro n'kulirana. Koma mukabisa, iwo asiya? Tsiku lina adzakhala kutsidya kwa dambo ndi maliro, kuno mayi wina akudikira, bwana osadziwa komwe kuli galimoto. Pamenepo jumbo lanulo mudzalibisa kuti?" Ndinawauza kuti amayankhula ngati komiti. Anati komiti ilibe ana aakazi awiri ngati ife.

M'mawa ndinapita kwa a Mwale. "Achimwene, ine ndikanena zonse zomwe ndapeza. Koma zikhala bwino mukayamba ndinu kunena, ine nditaima pambali panu." "Ndimayesa ndinu m'bale wanga," anatero, n'kutembenuka. Mawu amenewo anandilasa, ndipo mpaka lero ndikawakumbuka ndimamva kuwawa.

Ndinalowa ndekha mu ofesi ya mayi Kamanga n'kuika jumbo patebulo. Ndinafotokoza za ufa, za kheni, za ngalande, ndi kuti mtsinje ulibe mlandu. Iwo anatsegula jumbo, n'kutola luzi lija. Anali mwana wa kumudzi, sanafunike womasulira. "Masamba awa achokera kuti, a Mbewe?" Ndisanatsegule pakamwa, chitseko chinalira. A Mwale analowa chipewa chili m'manja, n'kuti, "Mayi, funso limenelo ndi langa." Ananena zonse, osachotsera, osadzikometsera.

Mayi Kamanga anakwiya zenizeni. "A Mwale, inu munalipo tsiku lija. Mwana uja munamuiwala? Ndikanakuimbirani muli kutsidya kwa dambo, mayi akutaya magazi pano, mukanatsitsa maliro panjira?" A Mwale anagwetsa misozi. Kenako mayi aja anatembenukira kwa ine. "Nanga inu? Mukanataya jumboli kudzala, ine sindikanadziwa. Mwabweretseranji?"

Ndinati, "Mayi, ntchito yanga si kupukuta madzi, ndi kutseka pomwe alowera. Ndikanataya masambawa, anamfedwa akanapitiriza kupanikiza pamawaipa, ndipo dzinja la mawa ngalande ikanatsekekanso, mwina kabokosi n'kupsa. Komanso, mayi, mungachotse a Mwale, koma azimayi aja ku nyumba yachisoni adzaitananso dalaivala wina ndi dzina lake. Dalaivala wa kuno amene angawadutse sanabadwe."

Mayi Kamanga anangoti tituluke, tikaonana Lachisanu.

Komiti inakhala nthawi yaitali, ife tili panja pa benchi, wina kumapeto uku wina uko. Potiitana, mayi Kamanga ndiwo anayankhula. A Mwale anadzudzulidwa pamaso pa onse chifukwa chobisa, ndipo anawaimitsa kaye pachiwongolero kwa kanthawi, koma ntchito sinathe. Lamulo analikonza: ambulansi siinganyamuke pachipatala chifukwa cha maliro, koma ikamabwerera yopanda kanthu kuchokera ku tauni itha kunyamula, dalaivala atayamba waimbira mayi Kamanga, ndipo isapatuke mumsewu waukulu. A midzi ya kutali azidikira ndi ngolo pamphambano. Pomaliza mayi aja anati, "Koma tsamba lisadzakhudzenso mawaipa." Wapampando wa komiti, mkulu wa mpingo wa imvi zake, anagwira pakamwa. "Mayi, galimoto ya maliro yopanda masamba? Anthu adzati tanyamula matumba a feteleza." Apa ndinaimika dzanja n'kupempha kuti nkhani imeneyo andisiyire.

Ndinadula timapaipi tiwiri tachitsulo, totalika ngati chikhatho, n'kutiwotcherera pa kachitsulo kopingasa. Ndinakamanga ndi mabawuti kuchitsulo cha pansi pa bampala, timapaipi titayang'ana kumwamba, kena kumanja kena kumanzere, n'kupaka penti yakuda. M'buku la galimoto imeneyo mulibe chipangizo chotero, ndipo amene anaipanga kunjako sangadziwe ntchito yake. Koma anthu a kwathu sanafunse. Tsiku loyamba lomwe anaziona, anathyola nthambi n'kusomeka.

A Mwale sanandiyankhule dzinja lonselo. Tinkapatsana makiyi ngati anthu osadziwana, ndipo m'kwaya ankayang'ana kumbali. Zinandipweteka, koma sindinapepese, chifukwa ndinalibe chopepesa. Nthawi yokolola itafika, tsiku lina ndili pansi pa jenereta, ndinamva mawu a besi pakhomo. "A Girisi, mabuleki akulira." Ndinatuluka, n'kuyesa mabulekiwo. Analibe vuto lililonse.

Chaka chatha

Ndinapuma ntchito ndisanaone madzi ena kumapazi kwa ambulansi ija. Mwezi uliwonse wa dzinja ndinkatsegula ngalande n'kutokosa timabowo, ndipo amene analowa m'malo mwanga ndinamuuza kuti akaiwala zimenezo ndidzamubwerera kumaloto. A Mwale anapuma pambuyo panga ndi ulemu wawo wonse, kwaya ikuimba, mayi Kamanga atawaveka bulangeti.

Chaka chatha a Mwale anadwala, n'kutumizidwa ku chipatala chachikulu ku tauni. Ndinapita kukawaona ndi mkazi wawo, koma tinangokhala nawo masiku ochepa, anatisiya. Tinapezeka titakhala pansi panja pa nyumba yachisoni ndi mitolo yathu, pamalo omwe aja ankanena. Dzuwa litakwera ndinaona ambulansi yathu yoyera ija, yothimbirira tsopano, ikutuluka kotula wodwala. Mkazi wa a Mwale anaimirira n'kuitana dalaivala ndi dzina lake. Dalaivalayo anaima, anamva, n'kutulutsa foni kuimbira ku chipatala kwathu. Anamulola.

Titakweza thupi, mlamu wa a Mwale anathyola nthambi za keshya pampanda n'kulunjika kutsogolo kwa galimoto. Dalaivala uja anamugwira dzanja, n'kutenga nthambizo, n'kubwera nazo kwa ine. "Abambo, ikani ndinu." Ndinagwada movutikira. Timapaipi tanga tinalipo, penti itasupuka, koma pomwe ndinawotcherera panalibe ngakhale mng'alu. Ndinasomeka nthambi kumanja, ndinasomeka kumanzere, ndipo ndinalira osabisa.

Ndinakhala kutsogolo, kumanzere kwa dalaivala. Mvula inatipeza titangotuluka m'tauni ndipo inatiperekeza mpaka kwathu. Njira yonse apanjinga ankatsika, angolo ankapatuka, amuna ankavula zipewa. Dalaivala anayendetsa pang'onopang'ono monga a Mwale akanafunira. Titafika pamphambano ya kwa a Mwale, pomwe ngolo inkadikira, ndinawerama n'kugwira kapeti pansi pa mapazi anga. Anali wouma.